Mphesa za pansi pa phiri la Meili: mawu olankhulidwa pa chikondwerero cha zaka 10

Za mmene kopaletivi yathu yayendera pa zaka 10 zimenezi mwamva kale kwa alembi. Ine ndipempha kuti mundilole ndikutengereni kutali pang'ono, ku China, kwa alimi a m'mapiri ngati ife.

Kumwera chakumadzulo kwa China kuli chigawo cha Yunnan, ndipo kumpoto kwa chigawocho kuli boma la Deqin, kumene mtsinje wa Mekong umadutsa m'chigwa chakuya pansi pa phiri la Meili. Nsonga ya phirili ndi yotalika mamita 6,740, kuposa kuwirikiza kawiri Sapitwa wathu wa ku Mulanje. Anthu ake ndi a mtundu wa Tibet. Timinda tawo n'tating'onoting'ono, topachikika m'mbali mwa phiri, moti thirakitala singalowemo. Kuyambira kale ankalima balere, tirigu ndi chimanga.

Mphesa zinafika kumeneko ndi ansembe a Katolika ochokera ku France, amene ankafuna vinyo wa pa Misa. M'mudzi wa Cizhong tchalitchi chawo chilipobe, ndipo mabanja ena amafulula okha vinyo n'kumagulitsa kwa alendo. Koma ulimi weniweni wa malonda unayamba cha m'ma 2000, boma litalimbikitsa anthu kubzala mphesa za mtundu wa Cabernet Sauvignon zoti azigulitsa ku kampani yopanga vinyo. Ambiri anachepetsa minda ya chakudya n'kudzazamo mphesa.

Tsono n'chifukwa chiyani mphesa zinakonda malo ovuta chonchi? Mapiri amatchinga mitambo, ndiye m'chigwamo mvula imagwa yochepa ndipo zipatso siziwola pa nthawi yakupsa. Madzi othirira amatsika kuchokera ku chisanu chosungunuka pamwamba. Masana kumatentha, usiku kumazizira. Komanso dzuwa limachedwa kutuluka kuseri kwa phiri n'kufulumira kulowa, choncho mphesa zimapsa pang'onopang'ono, kukoma kukukhazikika bwino. Zomwe mlimi wa balere ankadandaula nazo, wopanga vinyo anaziona ngati chuma.

Kampani ya ku France ya Moët Hennessy inatuma katswiri wa ku Australia, Tony Jordan, kuti afufuze malo abwino m'China monse. Anayenda zaka zingapo, n'kudzasankha midzi inayi ya ku Deqin: Adong, Shuori, Sinong ndi Xidang, pa mtunda wa mamita 2,200 mpaka 2,600. Vinyo wawo woyamba, wotchedwa Ao Yun, anachokera ku zokolola za 2013, ndipo atafika pa msika botolo limodzi linkagulidwa pafupifupi madola 300 a ku America. Botolo limodzi, abale anga! Minda yonse pamodzi sikwana n'komwe mahekitala 30, ndipo ndi yogawikagawika m'timagawo toposa 300. Ntchito yonse ndi ya manja: kudulira, kupalira, kuthira manyowa, kuthyola.

Apa ndi pamene ndikufuna tiimepo. Manja amene akugwira ntchitoyi ndi a eni mudzi, nthaka ndi ya makolo awo, koma dzina lolembedwa pa botolo ndi la kampani. Alimi akupeza ndalama kuposa nthawi ya balere, zimenezo sitingakane, ndipo ine sindikuti kampaniyo inalakwa. Inabweretsa luso ndi msika umene iwo sakanaufikira okha. Koma mpesa si kachewere woti ukakhumudwa chaka chino, chaka chamawa ubzala nyemba. Umatenga zaka zitatu kapena kuposerapo usanayambe kubereka bwino, ndipo mphesa zikapsa sizidikira. Mlimi amene wogula wake ndi mmodzi, zipatso zili m'dengu, nkhokwe mulibe chimanga, angakane mtengo?

Inu amene munaimapo ndi matumba a kachewere pa Lizulu kapena pa Tsangano, dzuwa likupendeka, venda akuchita ngati sakukuonani, funso limeneli simukulimva koyamba.

Musatuluke muno n'kumati tauzidwa kuti tibzale mphesa, ayi. Kwathu kuno mvula yambiri imagwa m'miyezi yotentha, nthawi imene mphesa zimayenera kupsa, ndipo chinyezi chimabweretsa chuku. Ameneyo ndi mutu wina woti tikhale nawo pansi ndi alangizi. Chimene ndikunena n'chakuti kuzizira kwa mapiri athu kuli ndi mtengo wake. Mapichesi, kachewere ndi khofi wa kumtunda sizingamere paliponse, ndipo tsiku lina adzabwera munthu ndi pepala la kontirakiti m'manja, mawu ake okoma ngati uchi.

Tsiku limenelo asadzatipeze aliyense pakhomo pake. Pempho langa kwa komiti ndi lakuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu tidzagwirizane mfundo yoti membala asasaine yekha mgwirizano wa zaka zambiri pepalalo lisanawerengedwe pagulu. Tidzakambiranenso kukula kwa gawo la munda limene banja lililonse lizisiyira chakudya, ndiponso ndalama zimene tingamapatule pa phindu la chaka kuti tiyambe kulongedza katundu m'mapaketi olembedwa dzina la kopaletivi yathu. A msungichuma andiuza kuti adzabwera ndi mabuku onse.