Minofu ya Okalamba ndi Uthenga Umene Imaulindira

Ndapempha bwalo lino kuti tikambirane za agogo athu, amene makolo anawatcha dambo mozimira moto, koma amene ife, pofuna kuwachitira ulemu, timawalanda khasu ndi munsi, n'kuwayalira mkeka pakhonde kuti aswere pomwepo kufikira dzuwa litapendeka.

Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa mwakachetechete, ndipo akadutsa zaka 60 kuchepako kumafulumira, kotero kuti ntchafu zimene zinkatsika phiri ndi mtolo wa nkhuni zimakanika kumudzutsa pansi popanda ndodo. M'chaka cha 1961 Alexander Mauro wa ku New York, poyang'ana mnofu wa chule ndi makina okuza zinthu zosaoneka ndi maso, anapeza maselo ang'onoang'ono ogona m'mphepete mwa ulusi wa mnofu, ndipo maselo omwewo nafenso tili nawo. Iwo ali ngati anthu a m'mudzi amene agona tulo, koma akamva mfuu amadzambatuka kuthamangira kumene kwagwa ngozi: mnofu ukang'ambika kapena ukalemedwa ndi ntchito, thupi limatumiza uthenga wake, maselowo amadzuka, nachulukana, ena nalowa mu ulusi wovulala kukaukonza, ena nabwerera kukagona kulindira tsiku lina. Pa ukalamba maselowa amachepa, uthenga wowadzutsa umafooka, ndipo pamene panayenera kumera mnofu watsopano pamalowa mafuta ndi zipsera.

Koma kodi maselo a nkhalamba anafa? M'chaka cha 2005, pa yunivesite ya Stanford ku America, Irina Conboy ndi Thomas Rando pamodzi ndi anzawo analumikiza mbewa yokalamba ndi mbewa yaing'ono kuti mwazi wawo uyende pamodzi, ndipo mnofu wovulala wa mbewa yokalambayo unapola bwino koposa kale, okonzawo ali maselo ake omwe aja a ukalamba. Musandimve molakwa, abale anga, pakuti nkhani za mwazi zasokonezapo midzi m'dziko muno: palibe akunena kuti mwazi wa mwana ndi mankhwala a nkhalamba. Chimene mbewazo zinaonetsa ndi chakuti maselowo akadali amoyo, ndipo chimene chimawasowa ndi uthenga womveka.

Uthenga umene tili nawo m'manja mwathu ndiwo ntchito ndi ndiwo. M'chaka cha 1990, ku Boston, dokotala Maria Fiatarone anatenga okalamba 10 a zaka pafupifupi 90, nawaphunzitsa kunyamula zitsulo ndi miyendo kwa milungu 8, ndipo mphamvu za miyendo yawo zinaposa kuwirikiza kawiri. Pamene kugona kumachita zosiyana: wokalamba akakhala pakama masiku 10 akhoza kutaya mnofu wa m'miyendo wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Pakadafunda padajiwitsa galu. Agogo akachira malungo, musadikire kuti mphamvu zibwere zokha. Agwireni mkono, ayende kufikira pankhokwe, mawa kufikira pachitsime, ndipo akafuna kupalira mizere iwiri ya mtedza musawaletse.

Chimene chimandiwawa mtima ndi mbale yawo. Chifukwa mano anatha, timawapatsa phala loyera ndi msuzi wokha, usipa n'kupita kwa anyamata, chonsecho mnofu wokalamba umafuna zakudya zomanga thupi zochuluka kuti umve zimene mnofu wa mnyamata umamva ndi zochepa. Sinjani usipawo, tsirani nsinjiro kapena ufa wa soya m'phala, phikani nyemba zipse mpaka zisungunuke, ndipo nkhuku ikaikira, dzira limodzi likhale la agogo.

Amene amamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire akamagwira ntchito ayambe apita kuchipatala. Enanu, a Gulupu akalola, tibweretse mipando iwiri pakati pano, ndikuonetseni kadzukidwe kosagwira ndodo kamene muzichita kakhumi m'mawa uliwonse.