Tikiti ya pamsika ndi ndondomeko ya chuma cha khonsolo

Nkhani yomwe idakambidwa pa msonkhano wa makomiti a chitukuko a m'madera a mafumu aakulu, pokonzekera ndondomeko ya zachuma ya chaka chamawa



Kuyambira mu 2022, chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limafuna kuti khonsolo ikonze ndondomeko yake ya zachuma chakacho chisanayambe, ndi kuitumiza ku NLGFC, komiti yoyang'anira chuma cha makhonsolo onse m'dziko muno. N'chifukwa chake msonkhano uno waitanidwa nthawi ino, ngakhale kuti ambiri asiya makasu kumunda kuti afike pano. Zomwe zilembedwe m'masabata akudzawa ndizo zidzanene ngati mjigo womwe udafa kalekale udzakonzedwe, ngati chipinda chophunziriramo chomwe chidaima pa mawindo chidzafoleredwe, kapena ngati zonsezi zidzadikiranso chaka china.

Zofuna za anthu zimayambira kumudzi. Komiti ya VDC imalemba zomwe midzi ya nyakwawa wamkulu yagwirizana, komiti ya ADC imasonkhanitsa za dera lonse la mfumu yaikulu, ndipo kuchokera apo zimalowa m'pulani ya chitukuko cha boma lonse. Chaka chilichonse mndandanda wa zofunazo umatalika kuposa ndalama zomwe zilipo. Pempho la mudzi likapanda kuoneka m'ndondomeko, anthu amakhulupirira kuti ndalama zake zidafika ndipo wina adazidya. Nthawi zina kukayika kotere kumakhala ndi maziko, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akupeza zolakwika m'makhonsolo osiyanasiyana. Koma kawirikawiri ndalamazo zimakhala kuti sizidabwere n'komwe, kapena zidabwera zitalembedwa kale ntchito ina. Kuti makomiti athe kusiyanitsa ziwirizi, ayenera kudziwa kumene chuma cha khonsolo chimachokera.

Gawo lalikulu limachokera kulikulu. Izi ndi ndalama zoyendetsera maphunziro, zaumoyo, ulimi ndi nthambi zina zomwe zidaperekedwa m'manja mwa makhonsolo, kuphatikizapo thumba la chitukuko cha boma la DDF ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu la CDF, lomwe lidayamba mu 2006. Ndalama zoterezi zimabwera zomangidwa. Zomwe zalembedwa kuti ndi zachipatala khonsolo singazitenge n'kukonzera mlatho, ngakhale mlathowo utakhala womwe ambulansi imadutsapo. Zimafikanso mochedwa kapena moperewera, ndipo pamene zikudikiridwa mitengo siidikira. Ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kontilakitala yemwe adasaina pangano thumba la simenti lili pa mtengo wina adadzapeza kuti ndalama zomwezo sizikukwaniranso kugula malata, ndipo nyumba zambiri zosatha zomwe zikuoneka m'maboma ambiri zidaima motero.

Gawo lachiwiri ndi thandizo la abwenzi a chitukuko. Chitsanzo chodziwika ndi pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, yomwe yakhala ikupereka ndalama ku makhonsolo 28 a maboma potengera momwe khonsolo iliyonse yakhozera pa kawuniwuni wa chaka ndi chaka wotchedwa LAPA. Khonsolo yosalongosola mabuku ake a chuma, kapena yogula katundu mosatsata malamulo, imalandira zochepa ndipo ikhoza kumanidwa zonse. Apa kulakwitsa kwa wogwira ntchito mmodzi muofesi kumalipiridwa ndi mayi woyembekezera yemwe akadachirira pa chipatala chapafupi.

Gawo lachitatu ndi lochepa kuposa onse, koma ndi lokhalo lomwe khonsolo ili ndi ufulu wonena kuti lipite kwakuti. Ndi ndalama zomwe imatolera yokha: matikiti a pamsika, ziphaso za malonda, zolipira za m'madepoti, lendi ya nyumba ndi malo a khonsolo. Mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba imadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo. Khonsolo ya boma lakumudzi, kumene malo ambiri ndi a makolo, ilibe mwayi wotere, choncho imayang'ana pamsika. Kuchokera m'ndalama zimenezi ndi momwe mumatuluka malipiro a osesa, alonda ndi otolera matikiti omwe adalembedwa ntchito ndi khonsolo yeniyeniyo, mafuta a galimoto yochotsa zinyalala, ndi zokonzera zimbudzi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Za kulikulu ndi za abwenzi zili pachala. Tikiti ya pamsika ndiyo ili pamphuno.

Pa tikiti imeneyi ndi pomwe pali mkangano womwe watha zaka. Mayi wogulitsa tomato amati amalipira tsiku lililonse la msika, koma amayala malonda ake pansi, mvula ikagwa amathawira pakhonde la golosale, chimbudzi chidadzadza, madzi kulibe, ndipo dzala lili pafupi ndi pomwe amakazingira chiwaya. Iye amafunsa chomwe akulipirira. Khonsolo nayo imayankha kuti singapope chimbudzi kapena kulipira wosesa pamene ochita malonda akukana kudula tikiti. Onse awiri akunena zoona, ndipo mkanganowo ukamapitirira chimbudzi chimakhalabe chodzadza. Dziko lino lidaona mathero a ukhondo woperewera pa mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700. Malo monga msika, pomwe chakudya, khamu la anthu ndi madzi osatetezedwa zimakumana, ndi omwe amaopsa kwambiri matenda otere akabuka.

Pali chinthu china chomwe mbali zonse ziwiri zimachidziwa koma sizikonda kuchitchula pagulu. Si ndalama zonse zotuluka m'thumba la wochita malonda zomwe zimafika ku akaunti ya khonsolo. Wotolera ndi wogulitsa amatha kugwirizana kuti alipire theka popanda kudula tikiti. Tikiti ya dzulo imatha kugulitsidwanso lero. Ngati pamzere wa anthu 10 onse apereka kenakake koma matikiti odulidwa ndi 6 okha, anthu 10 aja amabwerera kwawo akudziwa kuti alipira, pamene mabuku a khonsolo akusonyeza kuti 4 adakana. Wogulitsa amaona ngati wapulumutsa kangachepe, chonsecho wadzimana yekha shedi yomwe akuidandaula.

Pofuna kuthetsa mkanganowu, khonsolo ikuika pamaso pa msonkhano uno mfundo zomwe zidzapite ku komiti ya zachuma, kenaka ku msonkhano wa khonsolo yonse. Yoyamba ndi yakuti kumapeto kwa mwezi uliwonse, pakhomo la msika uliwonse pazimatidwa chikalata chosonyeza matikiti omwe adulidwa, ndalama zomwe zapita kubanki, ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito pamsika womwewo. Ochita malonda amadziwana ndipo amadziwa kuchuluka kwawo, choncho nambala yabodza singakhalitse pakhomapo. Yachiwiri ndi yakuti gawo lodziwika la zotoleredwa pamsika lizibwerera pamsika pomwepo, ndipo komiti ya msika ndiyo izinena chofunika kuyamba, kaya ndi chimbudzi, mpopi kapena shedi. Yachitatu ndi yakuti mabuku a matikiti akhale a manambala otsatizana, azisainidwa potuluka ndi pobwera, ndipo pomwe netiweki ilipo ayesedwe malipiro a pafoni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, monga makhonsolo ena adayamba kale. Otolera nawo ayenera kulandira malipiro awo pa nthawi yake, pakuti munthu wogwira ndalama tsiku lonse ali ndi miyezi yosalipidwa waikidwa pa mayesero aakulu.

Funso lokweza mtengo wa tikiti lidzabuka ndithu, chifukwa mitengo ya zonse yakwera. Maganizo omwe akuperekedwa ndi akuti msika uyambe waona kusintha, kukweza kubwere pambuyo, ndipo kukambiranidwe ndi makomiti a misika kusanalengezedwe. Izi zikutanthauza kuti kwa miyezi ingapo khonsolo idzayenda movutikira, ndipo misonkhano ina ndi maulendo ena a ogwira ntchito zidzachepetsedwa. Khonsolo ikuona kuti kuvutika kotere n'kwabwino kuposa kukweza mtengo womwe anthu adzaukana.

Mfundo yovuta kuposa zonse ikukhudza ntchito za chitukuko. Ikuti ntchito zomwe zidayambidwa n'kuima zimalizidwe kaye, zatsopano zisanayambe. Mfundoyi idzawawa. Padzakhala mawodi omwe chaka chamawa sadzaona mwala wa maziko ngakhale umodzi, ndipo khansala wa kumeneko adzafunsidwa ndi anthu omwe adamusankha kuti wabweretsa chiyani. Padzakhalanso midzi yomwe idaumba kale njerwa ndi kututa mchenga, yomwe idzauzidwe kuti idikire. Komabe nyumba yopanda denga ikapyola dzinja ziwiri kapena zitatu, khoma limang'ambika ndipo ndalama zomwe zidalowapo zimatayika zonse. Kugawa ndalama zochepa mofanana m'mawodi onse kumasangalatsa tsiku la msonkhano, koma kumasiya maziko paliponse popanda mwana ngakhale mmodzi wophunzira pamthunzi. Apa mafumu ali ndi udindo womwe wina aliyense sangautenge. Ngakhale savota m'khonsolo, iwo ndiwo amamvedwa kumudzi, ndipo mawu awo ndi omwe angathandize mudzi wodikira kumvetsa kuti sudaiwalidwe.

Zonsezi sizichotsa ngongole yomwe likulu lili nayo kwa makhonsolo. Gawo 150 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa boma udindo woonetsetsa kuti makhonsolo ali ndi chuma chokwanira kugwirira ntchito zawo. Ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu ya 1998 idanena kuti 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera, osawerengera thandizo lakunja, izipita ku chitukuko cha m'maboma. Lamulo la chaka chomwecho lidatchulanso ndalama zomwe likulu limatolera koma liyenera kugawirako makhonsolo, monga zolembetsera galimoto ndi msonkho wa pa mafuta. Makhonsolo, kudzera m'bungwe lawo la MALGA, akhala akudandaula kuti malonjezo amenewa sadakwaniritsidwe mokwanira, ndiponso kuti ntchito zidatumizidwa kumaboma mofulumira kuposa ndalama zake. Bungwe lomweli ndilo lidatengera kubwalo nkhani ya kayendetsedwe ka CDF, ndipo mu Meyi 2025 bwalo lalikulu lidagamula kuti kupatsa aphungu mphamvu pa kayendetsedwe ka thumbali ndi kuvota m'khonsolo kukusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Aphungu ndi makhansala angasiyane maganizo pa nkhaniyi, koma pa chinthu chimodzi palibe kutsutsana: ndalama za CDF ndi za anthu, ndipo ziyenera kulondolozedwa monga zina zonse. Khonsolo ino ipitiriza kupempha kuti ndalama zizifika pa nthawi yake ndi mokwanira, ndipo ikudalira aphungu a boma lino kuti akanene zomwezo ku Nyumba ya Malamulo. Pempho lotere limamveka bwino likachokera ku khonsolo yomwe mabuku ake ali oyera ndipo yasonyeza kuti zochepa zomwe imatolera imazisamala.

Mphamvu yofunsa mafunso siidabwere mophweka. Makhansala oyamba m'nthawi ya zipani zambiri adasankhidwa mu 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala zaka 9 popanda makhansala kufikira chisankho cha pa 20 Meyi 2014. M'zaka zimenezo ndalama zinkabwerabe kumaboma popanda osankhidwa a m'mawodi oziyang'anira. Lero zinthu zili mwina. Misonkhano ya khonsolo ndi yotsegukira anthu ndi atolankhani. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limalola nzika iliyonse kupempha kuona mtengo wa ntchito, dzina la kontilakitala ndi ndalama zomwe walipidwa. Komiti yoyang'anira ntchito pamalo ili ndi ufulu wokana kusaina ngati simenti yachepetsedwa kapena matabwa ndi osauma, ndipo yemwe angaikakamize kusaina anenedwe kwa Bwanamkubwa kapena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Pochoka pano, komiti ya ADC iliyonse ikupemphedwa kukakhala pansi ndi ma VDC ake ndi kubweretsa zinthu ziwiri komiti ya zachuma isanakumane. Choyamba ndi mndandanda wa ntchito zonse zosatha m'dera lake, pomwe iliyonse idaimira ndi chaka chomwe idayambira. Chachiwiri ndi zofuna zatsopano zitaikidwa m'ndondomeko, chofunika kwambiri pamwamba, osati zonse pamzere umodzi. Atsogoleri a misika akupemphedwa kukawerenga ochita malonda awo ndi kupereka nambalayo, kuti chikalata choyamba chikadzamatidwa pakhomo la msika pakhale choyerekezera. Kwa aliyense wogulitsa pempho ndi limodzi: asapereke ndalama popanda kulandira tikiti, ndipo tikitiyo aisunge.