KANEMA NDI ANA: ZIMENE ZINAONEKA PA ZILUMBA ZIWIRI

Mau okambidwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi

Makolo ambiri masiku ano ali kudandaula ndi zimene ana ao amaona pa kanema ndi pa mafoni. Ena amati anyamata aphunzira ndeu ku nyumba za vidiyo za pa msika, kumene amaonetsa zithunzi za karate ndi za mfuti kuyambira m'mawa kufikira usiku. Ena amati atsikana sakondweranso ndi matupi amene anabadwa nao. Koma aliponso ena amene amaseka madandaulo amenewa, nanena kuti ndeu inalipo kale kanema asanabwere, ndi kuti akulu a mbadwo uli wonse amadandaula ndi ana ao.

Mlandu wotere ngwobvuta kuuweruza pa mudzi pamene kanema anafika kale, pakuti palibe amene analemba makhalidwe a ana m'mene analiri poyamba. Koma alipo malo ena pa dziko lapansi kumene anthu ophunzira anakayang'ana ana kanema asanafike, kapena atangofika kumene, nabwereranso patapita zaka kukaona ngati anawo asintha. Awiri mwa malo amenewa ali pa zilumba za m'nyanja yamcere, ndipo konse kuwiri wailesi ya kanema inafika caka cimodzi, ca 1995. Zimene zinapezeka kumeneko sizifanana, ndipo kusafanana kwaceko ndiko kuyenera kuganiziridwa bwino.

Za ndeu

Kuti mwana amatsanzira cimene waona, mai ali yense amadziwa. Mmodzi wa amene anayesa cimeneci mwadongosolo ndi Albert Bandura, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya Stanford ku America. M'caka ca 1961 iye anatenga ana ang'ono 72, ndipo ena a iwo anawaonetsa munthu wamkulu ali kumenya cidole cacikulu copopa mpweya, kuciponda ndi kucikhoma ndi nyundo. Atawaika anawo m'cipinda momwe munali cidoleco, ambiri a iwo amene anaona zija anacimenya monga anacitira wamkulu uja. M'caka ca 1963 anapeza kuti ngakhale kuona zimenezi pa kanema pokha kunali kokwanira. Pambuyo pace, mu 1965, anaonetsa ana ena womenya uja ali kulangidwa. Ana amenewa sanatsanzire kwambiri. Koma atawalonjeza mphatso kuti aonetse zimene anaona, anazicita bwino lomwe. Anali ataphunzira, anangodziletsa cifukwa ca cilango cimene anaona. Cidole si munthu ai, ndipo kumenya cidole sikutanthauza kuti mwana adzamenya mnzace. Komabe mfundo yace njoona: diso limaphunzira, koma dzanja limayamba layang'ana ngati pali wina woletsa.

Ku Canada kunali tauni ina m'cigwa pakati pa mapiri kumene wailesi ya kanema siinkamveka kufikira 1973. Mai wina wophunzira, Tannis MacBeth Williams, pamodzi ndi anzace, anayang'ana ana a sukulu pa bwalo la masewera m'caka cimeneco, nabweranso patapita zaka ziwiri. Anapeza kuti kukankhana, kumenyana ndi kutukwanizana kunali kutaculuka, kwa anyamata ndi atsikana omwe. Anapezanso kuti anthu, makamaka okalamba, analeka kupita kawiri-kawiri ku masewera ndi ku misonkhano ya m'tauni, nayamba kukhala m'nyumba zao.

Tsono cilumba coyamba ndi St Helena, kacilumba kakang'ono ka m'nyanja ya Atlantic, kutali kwambiri ndi gombe la Africa. Ndiko kumene Angerezi anakasunga Napoleon kuyambira 1815 kufikira imfa yace mu 1821, ndiponso ndiko anapirikitsirako Dinuzulu, mfumu ya Azulu, mu 1890. Anthu ace ndi zikwi zowerengeka cabe. Mphunzitsi wina wa ku England, Tony Charlton, podziwa kuti kanema ali pafupi kufika, anaika makina ojambulira pa mabwalo a sukulu mu 1994, najambula ana a zaka 3 kufikira 8 ali kusewera. Kanema anafika mu March 1995, ndipo zoonetsa zace zinali ndi ndeu zambiri monga za ku England komwe. M'caka ca 2000 anajambulanso pa mabwalo omwe aja. Ndeu sizinaculuke. Ana anali kusewera mwamtendere monga kale.

Nanga cinasiyanitsa St Helena ndi tauni ya ku Canada ija nciani? Ofufuzawo anati ndi makhalidwe a anthu a pa cilumbapo. Kumeneko ali yense adziwa mnzace, ndipo mwana akalakwa pa njira, mbiri imafika kwao iye asanafike. Ana a sukulu okulirapo ananena okha kuti nkobvuta kucita zoipa pa malo pamene maso a anthu onse ali pa iwe. Anthu a m'midzi ya kuno sangadabwe nazo zimenezi, pakuti ndi mwambo womwe uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana a ku St Helena anaona nkhonya pa kanema monga ana ena onse, koma panalibe malo ozicitira popanda wina kuwadzudzula.

Atsikana a ku Fiji

Munthu akamva nkhani ya St Helena angathe kuganiza kuti mudzi wogwirizana sungalowedwe ndi coipa ciri conse ca pa kanema. Cilumba caciwiri cionetsa kuti si tero.

Fiji ndi dziko la zilumba zoposa 300 m'nyanja ya Pacific. Pa cilumba cace cacikulu, Viti Levu, pali dera lochedwa Nadroga, ndipo kumeneko ndiko wailesi ya kanema inafika mu 1995. Anthu a m'midzi ya ku Fiji, monga anthu a kuno, ankalemekeza thupi lodzaza. Munthu wonenepa ankaoneka kuti ali ndi abale omusamala. Mlendo ankakakamizidwa kudya kwambiri, ndipo munthu akayamba kuonda abale ankabvutika mtima namufunira mankhwala a zitsamba obwezera cilakolako ca cakudya. Kudzimana cakudya kuti munthu aonde cinali cinthu cacilendo.

Dotolo wina wamkazi wa ku sukulu yaikulu ya Harvard, Anne Becker, amene anakhalapo kale m'midzi imeneyo, anafunsa atsikana 63 a m'sukulu ziwiri za sekondale patangopita masabata owerengeka kanema atafika. Atsikanawo anali a zaka ngati 17. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati amadzisanzitsa kuti acepetse thupi. M'caka ca 1998 anafunsa atsikana ena 65 a m'sukulu zomwezo. Tsopano 11 pa 100 ali onse anabvomera kuti anadzisanzitsapo dala atatha kudya kuti asanenepe. Amene mayankho ao anaonetsa kuti ali pa ngozi ya nthenda ya kadyedwe anacokera pa 13 kufika pa 29 pa 100 ali onse. Ndipo 74 pa 100 ali onse anati nthawi zina amadziona kuti ngonenepa mopitirira. Zonsezi zinacitika m'zaka zitatu zokha, pakati pa anthu amene agogo ao ankayamika mwana cifukwa ca kunenepa.

Ciwerengero ca atsikanawa ncocepa, ndipo m'zaka zimenezo zinthu zinanso zinali kusintha ku Fiji, monga nchito za malipiro ndi mahotela a alendo. Cifukwa cace nkosayenera kusenzetsa kanema mlandu wonse. Koma Becker anakhala pansi ndi atsikana 30 nacezerana nao mmodzi-mmodzi, ndipo zimene ananena nzofunika kuposa ziwerengero. Iwo ankaonera masewero a ku America monga Beverly Hills 90210 ndi Melrose Place. Cimene anasirira sikunali kuonda kokha ai. Anaona akazi obvala bwino, a nchito zabwino ndi ndalama zao-zao, olankhula mosaopa, ndipo akazi onsewo anali oonda. Tsono mwana wa m'mudzi, amene analibe womuuza njira yopezera nchito ya m'tauni, anaganiza kuti khomo lace ndi thupi. Anafuna moyo wabwino, nagwira cimene anatha kucigwira, ndico mbale yace ya cakudya.

Pambuyo pace Becker ndi anzace anafunsanso atsikana 523, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2011. Anaona kuti ngakhale mtsikana amene kwao kulibe kanema amatengera maganizo omwewo ngati anzace ambiri amaonera. Bambo amene aletsa kanema m'nyumba mwace wacita mbali yace, koma mwana wace amapita ku sukulu ndi ku citsime, ndipo kumeneko amamva kwa anzace thupi limene liri kuyamikidwa.

Apa ndipo pali kusiyana kwa zilumba ziwirizi. Midzi ya ku Fiji nayonso inali yogwirizana, ya mafumu ndi mipingo, ndi abale odyera pamodzi. Koma ndeu imacitika poyera. Iri ndi phokoso, imasiya cotupa pa nkhope, ndipo wamkulu ali yense wodutsa angathe kuileretsa. Kudana ndi thupi lako kulibe phokoso. Mtsikana amadya pamodzi ndi anzace, kenaka napita kuseri kwa nyumba yekha. Maso a mudzi amene amagwira mnyamata wandeu samuona iye, ndipo kawiri-kawiri amayamikidwa kuti ndi mwana wofatsa.

Za kuno kwathu

Ku Malawi wailesi ya kanema ya Boma inayamba mu 1999, patapita zaka zinai zokha cifikire ku St Helena ndi ku Nadroga. Lero zithunzi zambiri sizidzeranso pa bokosi la pa balaza, limene banja lonse limaonera pamodzi, koma pa foni ya m'manja, imene mwana amaonera yekha atafunda bulangete. Pa bokosi lija gogo ankatha kuseka nanena kuti mkazi uyo akudwala, mpatseni nsima. Pa foni palibe gogo.

Eni ace a zinthu zimenezi amadziwa. M'caka ca 2021 mai wina amene anagwirapo nchito ku Facebook, Frances Haugen, anaulula makalata a m'kati mwa kampaniyo. M'menemo munalembedwa kuti atsikana 32 pa 100 ali onse amene anafunsidwa anati pamene sali kukondwa ndi matupi ao, Instagram imaonjezera cisoni caoco. Kampaniyo inayankha kuti anyuzi anasankha zoipa zokha, pakuti atsikana ena anati imawathandiza. Nkofunikanso kudziwa kuti zithunzi zambiri za pamenepo nzokonzedwa ndi makina: ciuno cimacepetsedwa, zipsera zimafafanizidwa, khungu limayeretsedwa. Ku France, kuyambira 2017, lamulo limati cithunzi ca malonda cimene thupi la munthu lasinthidwa cilembedwe kuti ncokonzedwa. Mwana wa kumudzi amene sadziwa zimenezi amadziyerekeza ndi munthu amene kulibe.

M'midzi ya kuno kuonda sikusiririka kweni-kweni, ndipo mau akuti "mwanenepa" akali oyamika. Bvuto limene limaoneka msanga ndi la khungu. Atsikana, ndi anyamata ena omwe, amagula mafuta oyeretsa khungu pa msika, poona kuti akazi ochuka a pa kanema ndi a m'nyimbo ambiri ngoyera. Ena mwa mafuta amenewa ali ndi mercury, amene amalowa m'thupi naononga impso, ndipo angathe kupweteka mwana amene ali m'mimba. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mabala akuda osacoka. Enanso ali ndi mankhwala amphamvu amene dotolo amapereka pa nthenda za khungu kwa masiku owerengeka; akadzoledwa miyezi yambiri khungu limapyapyala, ndipo cilonda cimacedwa kupola. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Cimene cimakankha mwana kugula botolo limeneli ndi comwe cija ca atsikana a ku Nadroga: waona kuti amene ali pabwino amaoneka mwakuti-mwakuti.

Za nyumba za vidiyo, mafumu ndi makomiti a sukulu ali nayo mphamvu yokambirana ndi eni ace kuti ana asalowe nthawi ya sukulu, ndi kuti zithunzi zoopsa ndi zolaula zisaonetsedwe kwa ana ang'ono. Imeneyi ndi nchito yopepuka, pakuti nyumbayo iri poyera ndipo mwini wace adziwika. Yolemera ndi inayo. Mphunzitsi amene ali ndi foni angathe kujambula nkhope yace pamaso pa ana, naikonza ndi makina aja kufikira makwinya onse atatha, kuti anawo aone ndi maso ao m'mene cithunzi cimanamira. Anamkungwi ndi amai a mipingo, amene amalangiza kale atsikana za thupi, angathe kuonjezapo za mafuta ndi za kadyedwe. Ndipo mtsikana akafunsa za nchito ya unamwino kapena ya mu ofesi, ayenera kuuzidwa maphunziro amene amafunika ndi kumene amapezeka, kuti asaganize kuti amalowera pa nkhope.

Zizindikiro zimene mai kapena mphunzitsi ayenera kuyang'ana ndi izi: mwana amene amathawa nthawi ya cakudya ndi zifukwa zosiyana-siyana, amene amacoka msanga kupita kuseri akangotha kudya, amene ali kuonda osadwala malungo kapena cifuwa, kapena amene nkhope yace yayera kusiyana ndi zala ndi zigongono. Mwana wotere asakalipiridwe pa gulu, pakuti manyazi ndiwo amamucititsa kubisa. Mai wace kapena azakhali ace alankhule naye pa awiri, ndipo apite naye ku cipatala atatenga botolo la mafutawo, kuti adotolo awerenge zimene zalembedwapo.