Makolo a Cimanga ca SR52

Cimanga naco ciri ndi makolo ace odziwika, monga munthu. SR52, imene akatswiri a ku Salisbury anaturutsa m'caka ca 1960, inabadwa kwa makolo awiri okha, N3 ndi SC. Kwa zaka zambiri kholo liri lonse linaberekana lokha-lokha, mungu wa ngayaye kugwera pa ndevu za phesi lomwelo, kufikira mbeu zace zinafanana zonse. Makolowo anali ofooka, koma mwana wao anabala modabwitsa.

Mphamvuyi iri ya mbadwo woyamba wokha. Mlimi akatapa mbeu ya haibulidi m'nkhokwe, abzala adzukulu, amene agawana cibadwa ca makolo aja mosalingana: phesi lina lalitali, lina lopinimbira. Zokolola zitsika, koma ngongole ya feteleza ikhala yomweyo.