Chingerezi cha ku Australia: mawu amene sanabwere pa MSCE

Sabata ino ndi ine woyankhula, ndipo ndasankha dziko la Australia. Koma za kangaroo sindikamba ayi. Ndikamba za Chingerezi chawo. Ambirife tinakhoza Chingerezi pa MSCE, ena mpaka kuchita kunyadira, koma munthu wa ku Sydney atakuuzani kuti "see you this arvo at the servo" mungangoti kukamwa yasa.

Mwina wina akuti, nanga ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza ndithu. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga anautsegula mu 2009 ndi a Paladin, kampani ya ku Perth, ndipo pano uli m'manja mwa Lotus Resources, ya ku Australia komweko. A Sovereign Metals amene ali ku Kasiya nawonso ndi a konko. Pali maphunziro aulere a Australia Awards amene Amalawi amapita nawo kukachita masters. Mwai Kumwenda anasewera zaka zambiri ku Melbourne Vixens, ndipo mu 2020 anatenga nawo chikho cha ligi ya kumeneko. Ngakhale bulugamu amene tikukhala pamthunzi pakeyu kwawo ndi ku Australia, dzinalo ndi blue gum, ife tinangolipinda. Ndiye tsiku lina bwana wako pa ntchito kapena mphunzitsi wako akhoza kukhala wa kumeneko, ndipo ntchito imaonongeka chifukwa cha liwu limodzi lomwe sunamve koma unachita manyazi kufunsa.

Chinsinsi chachikulu nachi: anthu a ku Australia sakonda mawu aatali. Amalidula liwu pakati, kenako n'kuikapo "-ie" kapena "-o" kumapeto. Basi. Ukangogwira chimenechi, theka la ntchito latha.

Tiyambe m'mawa. Kadzutsa, breakfast uja, iwo amati brekkie. Masana, afternoon, ndi arvo. Pomwetsera mafuta a galimoto, service station, ndi servo. Ndiye chiganizo ndinayamba nacho chija chikungoti tionana masana ano pa filing'i siteshoni. Udzudzu ndi mozzie, magalasi a dzuwa ndi sunnies, Khirisimasi ndi Chrissie ndipo mphatso yake ndi prezzie. Kuotcha nyama panja amati barbie, osati chidole chija ayi, ndipo soseji yomwe ili pamotopo ndi snag. Anthu a ntchito zamanja onse pamodzi ndi ma tradie: womanga nyumba ndi brickie, wa zamagetsi ndi sparky, kalipentala ndi chippy. Wa ambulansi ndi ambo. Anzathu amene mukupita ku technical college, mayina anu ndi amenewo.

Musaseke kwambiri, nafenso timatero. Ndani pano amatchula kuti Chancellor College? Tonse timati Chanco. Ndirande tinamusandutsa Ndix. Iwonso Brisbane amati Brissie, Tasmania amati Tassie. McDonald's amati Macca's, ndipo dzinali linakula mpaka mu 2013 kampaniyo inasintha zikwangwani pa malo ake ena n'kulembapo Macca's kwa kanthawi. Komanso liwu lina lotere nonse muli nalo m'foni mwanu: selfie. Pomwe linapezeka koyamba litalembedwa ndi ku Australia mu 2002, ndipo mu 2013 a Oxford analisankha kukhala liwu la chaka. Ndiye mukamajambula selfie mumayankhula Chiaustralia osadziwa.

Ena amati ndi ulesi wa pakamwa. Ine ndikuona kuti si ulesi. Kudula liwu ndi njira yawo yonenera kuti pano palibe wamkulu kuposa mnzake, tiyeni timasuke. N'chifukwa chake aliyense ndi mate, kutanthauza mnzanga, kaya amakudziwa kaya sakukudziwa. Ku yunivesite, komwe iwo amati uni, ophunzira ambiri amaitana mphunzitsi ndi dzina lake loyamba. Kwa ife amene tinakula tikuti "a Phiri", "a sala", "madamu", zimenezi n'zolemera pakamwa. Tangoganizani kuitana ahedi athu aja ndi dzina lawo loyamba. Ungagone kunja tsiku limenelo.

Tsopano mawu odulawa savuta kwenikweni chifukwa ukawamva umadziwa kuti apa pali chachilendo, umafunsa. Oopsa ndi mawu amene timawadziwa kale koma kumeneko ali ndi tanthauzo lina. Amenewa ndi amene amagwetsa anthu.

Thongs. Atsikana ndikuona mukuyang'anana. Ku Australia thongs ndi mapatapata, masilipasi ovala kumapazi basi. Munthu akakuuzani kuti musaiwale thongs popita kunyanja, sakukulalatirani. Crook kusukulu tinaphunzira kuti ndi tambwali, koma wina akati "I'm crook" akunena kuti akudwala, ndiye mufunseni kuti akupeza bwanji, musagwire chikwama chanu. Tea kwa anthu ambiri, makamaka akuluakulu, ndi chakudya cha madzulo, osati kapu ya tiyi yokha. "How ya going?" sakufunsa kuti uyenda pa chiyani, ndi moni chabe, ngati "zikuyenda?" yathu ija.

Koma wovuta kuposa onse kwa Mmalawi ndi "bring a plate". Akakuitanani ku phwando n'kunena mawu amenewa, sakutanthauza kuti mbale zawo zachepa. Akutanthauza kuti mubwere ndi chakudya m'mbalemo choti mudye ndi anzanu. Kwathu kuno woitana ndi amene amaphika, mlendo amangobwera ndi mimba yake. Ndiye taganizani munthu wavala bwinobwino, wanyamula mbale yotsuka yopanda kanthu, anzake onse atanyamula nkhuku ndi makeke. Manyazi ake ungalakelake nthaka itang'ambika. Mnzake wa mawu amenewa ndi shout. Si kukuwa ayi. Wina akati "my shout" ndiye kuti zakumwa zino akulipira ndi iyeyo, koma dziwani kuti ulendo wina shout idzakhala yanu. Wongolandira osabweza sachedwa kutchuka, ngati momwe zimakhalira pa chipisi pathu pano. Mayina sinditchula.

Okonda mpira, chenjezo lanu nali. M'mafilimu a ku America mumamva "root for" kutanthauza kuchemerera timu. Ku Australia liwu limenelo limakamba za kuchipinda, ndipo pagulu ndi lotukwana. Iwo amati barrack for. Ndasiyira pomwepo, pali ana.

Palinso ena ongofunika kuwaloweza. Chook ndi nkhuku, dunny ndi chimbudzi, makamaka chapanja, lollies ndi maswiti, ute ndi galimoto ya pikapu, doona ndi chofunda chokhuthala chija, ndipo esky ndi bokosi losungiramo zozizira, dzina lochokera ku kampani yomwe inkapanga mabokosiwo, monga momwe ife sopo aliyense waufa timangoti Surf. Chovala chosambira nacho chimasintha dzina malinga ndi dera: ku Queensland ndi togs, ku Melbourne ndi bathers, ku Sydney ndi swimmers kapena cossie. Nanga "yeah, nah"? Mverani liwu lomaliza. "Yeah, nah" ndi ayi, "nah, yeah" ndi inde.

Liwu lomwe landisangalatsa kwambiri ndi yakka. Amati "hard yakka" kutanthauza ntchito yakalavulagaga. Liwuli si la Angerezi. Linachokera ku chiyankhulo cha Yagara cha eni nthaka a dera la Brisbane. Angerezi asanafike mu 1788, dziko lija linali ndi ziyankhulo zoposa 250, ndipo zambiri mwa izo lero zinazimirira kapena zatsala ndi okalamba ochepa. Kangaroo nalonso ndi liwu la eni nthaka, la chiyankhulo cha Guugu Yimithirr. Zimandikhudza kuti chiyankhulo chikhoza kufooka chonchi, n'kungotsala liwu limodzi m'kamwa mwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti alitenga kuti.

Amene mukukonzekera IELTS kapena kulemba kalata yofunsira ntchito, mawu onsewa asiyeni panja. Ndi a pocheza, ngati "bho" ndi "aise" athu. Komanso simukuyenera kupinda lilime kuti mumveke ngati iwo. Chofunika n'kumva, ndipo pomwe simunamve, funsani. Yankho lawo nthawi zambiri ndi "no worries", palibe vuto.

Ndikusiyirani ntchito. Loweruka likubwerali aliyense abwere atamasulira chiganizo ichi m'Chichewa: "The sparky's crook, so chuck the snags in the esky and we'll have a barbie tomorrow arvo." Liwu limodzi lokha m'menemo sindinalifotokoze, mukalisake nokha. Woyamba kukhoza, Fanta wake ndi shout yanga.