Mlandu wa Gitala ndi Ng'oma

Pali milandu ina imene sifika pa bwalo la mfumu kapena ku khoti la Boma, komabe anthu amaiweruza tsiku ndi tsiku. Umodzi wa milandu yotere ndi wa nyimbo. Amuna awiri angathe kugwira nchito pa mgodi umodzi, kugona m'nyumba imodzi ndi kudya nsima m'mbale imodzi, koma lekodi yatsopano ikangolira amapatukana msanga. Wina ati nyimbo ndi imeneyi, mnzace ati limeneli ndi phokoso cabe. Mlandu umenewu unakula ndithu m'dziko lino kuyambira caka ca 1949 kufikira nthawi ya ufulu mu 1964, ndipo oweruza ace sanali akatswiri ophunzira za maimbidwe ai. Anali amuna olowa pansi pa mgodi, makalaliki a m'maofesi, ophika m'nyumba za Azungu ndi akazi a m'komboni.

Cimene cinautsa mlandu cinali kanthu kakang'ono. Nyumba youlutsa mau inayamba ku Lusaka mu 1941, nkhondo iri m'kati, koma Aafrika okhala ndi wailesi m'nyumba mwao anali owerengeka. Bwana Harry Franklin, amene anali mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani za Boma, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi ya mtengo wapansi, ndipo kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera. Mu 1949 inafika wailesi yaing'ono yozungulira ngati sefuliya, imene anaipatsa dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace masheleni 25. Kwa munthu wolandira malipiro a pa tikiti sizinali ndalama zocepa, koma zinali zotheka, ndipo nyumba imodzi ikagula, mzere wonse wa nyumba unali kumvera pomwepo. Nyumba ya ku Lusaka, imene inachedwa Central African Broadcasting Station, inali kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingelezi, ndipo mau ace anali kumveka ku Rhodesia konse kuwiri ndi ku Nyasaland komwe.

Tsono panali pologalamu ina yochedwa "Zimene Mwatifunsa". Womvera anali kulemba kalata, nachula nyimbo imene afuna, naikamo moni wopita kwa mbale wace wa ku Nkana, kapena kwa mkazi wace wotsala ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata. Makalata anali kufika ambirimbiri. Mwina olembawo sanadziwe, koma kalata iri yonse inali ngati dzanja lokwezedwa pa msonkhano. Nyimbo yopemphedwa kawirikawiri inali kulira kawirikawiri, ndipo yosapemphedwa inali kugona m'kabati.

Munthu sadzazindikira cifukwa cace anthu anali kukangana kotero akapanda kudziwa lekodi ya masiku amenewo. Inali mbale yakuda ndi yolemera, yozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inali ndi nyimbo imodzi yokha ya mphindi ngati zitatu. Ikagwa pansi inali kusweka ngati phale. Galamafoni inafuna kupukusa ndi dzanja, ndipo singano yace yacitsulo inafuna kusintha kawirikawiri. Munthu wopereka masheleni ace pa cinthu cotere sanali kugula mwacisawawa. Anayamba waimva pa wailesi, nafunsa anzace pa holo ya mowa, naimiriranso pakhomo pa sitolo kuimva kaciwiri. Akagula, anali kuiteteza ndi pakamwa monga munthu ateteza ng'ombe imene wasankha yekha pa msika.

Codabwitsa ndi cakuti mmodzi wa oimba okondedwa koposa anali Mzungu wa ku America amene anafa kale mu 1933, Jimmie Rodgers. Iye anali wanchito wa pa njanji asanayambe kuimba, ndipo anali kuimba yekha ndi gitala, mau ace nakwera ndi kutsika pakhosi ngati munthu woitana mnzace kutsidya kwa dambo. Ambiri a omkonda sanamve Cingelezi cace. Ophunzira ena anali kuwaseka, nanena kuti anthu awa angotengeka ndi makauboi a m'baisikopo ya ku welofeya. M'mau amenewo munali coona pang'ono, pakuti anyamata anali kubvala zipewa zazikulu ndi kuyenda motang'adza monga anaonera pa cinsalu. Koma kusekako kunaphonya cinthu cacikulu. Munthu amene wasiya mudzi, nakwera sitima, nagona m'nyumba ya amuna okhaokha kutali ndi ana ace, safuna womasulira kuti azindikire kulira kwa mlendo mnzace. Ndiponso Rodgers anaonetsa kuti munthu mmodzi ndi gitala limodzi akwana kupanga nyimbo, ndipo phunziro limenelo anyamata a ku migodi analigwira ndi manja awiri.

Ena anali kuyang'ana kumwera. Kwa iwo nyimbo yeniyeni ya m'tauni inali yocokera ku Johannesburg ndi ku Bulawayo: a Manhattan Brothers ndi masuti ao, citoliro ca Spokes Mashiyane cimene cinabukitsa kwela, ndi mau a Dorothy Masuka, amene anabadwira ku Bulawayo koma atate wace anali wa dziko lino. Enanso, makamaka a ku Mufulira ndi ku Nchanga kumene malire ali pafupi, anati gitala lokoma liri ku Katanga, nachula Jean Bosco Mwenda, amene Hugh Tracey anamjambula mau ku Jadotville mu 1952. Magulu amenewa anali kunyozana okhaokha, koma akulu akafika onse anali kukhala mbali imodzi ya bwalo.

Dandaulo la akulu liyenera kumveka bwino, cifukwa silinali lopusa. Iwo anati nyimbo ya kumudzi iri ndi nthawi yace ndi eni ace. Ya pamtondo ndi ya akazi osinja, ya pamaliro siimbidwa pa ukwati, ndipo ya cinamwali simveka kwa ali yense. Woyambitsa akaponya mau, anthu onse amabvomera, ndipo nyimbo imatalika kapena kufupika monga mwa mtima wa obvinawo. Koma lekodi simva kubvomera kwa munthu. Imatha pa mphindi zitatu ngakhale gule wangoyamba kukoma, ndipo imaimba cimodzimodzi pa maliro ndi pa mowa. Anaonjeza kuti gitala ndi bwenzi la botolo, ndi kuti mnyamata wolinyamula sakwatira msanga. Pa za lekodi akulu ananena zoona, ndipo kufikira lero palibe makina amene anabweza cimene cinatayika pamenepo. Koma pamene anati gitala liribe mau a kwao, pamenepo mlandu unawagwera, ndipo mboni yaikulu yowatsutsa inali Bambo Alick Nkhata.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Atate ao anali Mtonga wa ku Nyasaland, amai ao Mbemba. Anapita ku nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anayenda ndi Hugh Tracey pa nchito yojambula nyimbo za makolo. Pambuyo pace analowa nchito pa nyumba ya wailesi ku Lusaka. Iwo anali atamva nyimbo za m'midzi yambiri ndi makutu ao, ndipo luso lao linali kutenga caimbidwe ca kumudzi, kucikhazika pa gitala, ndi kuciveka mau atsopano onena za m'tauni. Anaimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, ndi kagulu kao ka anthu anai, ndipo pambuyo pace ndi Lusaka Radio Band. Anaimba za cikondi, za mowa, za akazi ndi amuna amene tauni yawazunguza mutu. Imeneyi ndiyo nchito yakale ya nyimbo ya pamtondo, yodzudzula munthu pamaso pa anthu popanda kumchula dzina. Nkhalamba imene inabwera kudzatsutsa gitala inali kupezeka iri kugwedeza mutu, cifukwa yazindikira caimbidwe ca kwao, ndipo mpongozi wace amene nyimboyo inali kumlasa anali cete pambali.

Mboni yaciwiri inaima pabwalo poyera, pa Sabata masana. Mu 1951 J. Clyde Mitchell anapenyerera gule wa kalela ku Luanshya, nalemba zimene anaona. Obvina anali anyamata Acibisa, ambiri a iwo ogwira nchito zamanja za malipiro ocepa. Sanabvale zikopa kapena nthenga ai, koma mathalauzi ositidwa bwino, malaya oyera ndi nsapato zopukutidwa. M'gulu mwao munali wina wobvala ngati dokotala ndi mkazi wobvala ngati nesi. Ng'oma zao zinali madiramu a mafuta a magaloni 44 okutidwa ndi cikopa ca ng'ombe. Nyimbo zao zinali za m'Cibemba ca ku migodi, zotamanda mtundu wao ndi kuseka mitundu ina, monga acitira Abemba ndi Angoni pa cimbuya cao. Openyerera anali kuweruza pomwepo, ndi phwete ndi nthungululu, kapena ndi kucoka kupita kukaona gulu lina. Taganizani tsono: gitala la Bambo Nkhata linali kuimba caimbidwe ca kumudzi, ndipo ng'oma ya kalela inali diramu la mafuta la Azungu. Amene anafuna kulemba mzere pakati pa za makolo ndi za cilendo anasowa poyambira.

Koma cikondi ca omvera cinali ndi malire, ndipo malirewo anaoneka mu 1952 ndi 1953, pamene Boma linali kukakamiza za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene Aafrika anacikana. Nyumba ya wailesi inali ya Boma, ndipo inali kuwerenga nkhani za Boma. Mphekesera zinawanda kuti Aafrika olankhula pa wailesi agulidwa, ndi kuti ena a iwo ndi a banyama, anthu ogwira anzao usiku kuti awacotse mwazi. Peter Fraenkel, amene anali kugwira nchito pa nyumbayo, anasimba za mantha amenewa m'buku lace lochedwa Wayaleshi la mu 1959. Za banyama zinali zabodza, ndipo zinasautsa anthu osalakwa amene anali kungodyetsa ana ao. Koma pansi pa bodzalo panali funso lolungama: kodi mau okoma awa atumikira yani? Omvera omwe aja amene anali kulemba makalata opempha nyimbo anaonetsa kuti angathenso kufulatira. Woimba ali yense wa m'nyumba imeneyo anaphunzira kuti kukoma kwa mau pakokha sikugula mtima wa anthu pamene dziko lao liri pa mlandu. Sicodabwitsa kuti m'zaka zolimbana ndi Citaganya Bambo Nkhata anapeka nyimbo zothandiza cipani ca UNIP.

Panali cizolowezi cimodzi ca omvera cimene sicingatamandidwe, ndico kudikira alendo kuti ayambe ndiwo kuyamika. August Musarurwa wa ku Bulawayo anapeka "Skokiaan", dzina la mowa woopsa wofulidwa mobisa m'makomboni, ndipo anthu a kuno anaibvina zaka zingapo monga nyimbo wamba ya pa dansi. Mu 1954 inabuka ku America, Louis Armstrong naijambulanso. Pamenepo ndipo ena amene kale anaiyesa nyimbo ya zidakwa anayamba kuichula mwaulemu. Armstrong mwini anafika ku Rhodesia konse kuwiri kumapeto kwa 1960, nakomana ndi Musarurwa. Lipenga lace linali lodabwitsa ndithu, koma caimbidwe cimene analiza pa nyimbo imeneyo cinabadwira m'komboni ya ku Bulawayo.

Ufulu utafika mu 1964, Bambo Nkhata anakhala mmodzi wa akulu a nyumba ya wailesi ya Zambia, ndipo bandi yao inadziwika ndi dzina lakuti Big Gold Six. Mu 1975 Pulezidenti Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zolira pa wailesi zikhale za m'dziko lino. Amene anapindula msanga ndi lamulo limenelo anali anyamata a tsitsi lalikulu ndi magitala a magetsi, monga gulu la WITCH la ku Kitwe ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka, amene anali kuimba m'Cinyanja ndi kuliza gitala ndi mano. Amuna amene anadzudzulidwa pa unyamata wao cifukwa ca Jimmie Rodgers anali atamera imvi, ndipo ndiwo anatseka makutu, nafunsa ana ao ngati cimeneci ndi nyimbo kapena ndi cigayo.

Bambo Nkhata anali atapuma nchito nakhala pa famu yao ku Mkushi. Mu October 1978 asilikali a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe umene unali pafupi, ndipo iwo anafera pamenepo, ali ndi zaka 56. Mseu wa ku Lusaka umene upita pa nyumba ya wailesi unachedwa dzina lao.