Dziko la Mpezeni Itatha Nkhondo ya 1898

Pa migodi ya ku Copperbelt ndi m'makomboni a Lusaka muli anthu ambiri amene kwao ndi kum'mawa, kutsidya kwa Luangwa. Mwana wobadwira m'tauni akafunsa cifukwa cimene agogo ace anasiyira mudzi, kawirikawiri amayankhidwa ndi mau amodzi okha, akuti ndalama. Yankholo ndi loona, koma liri lalifupi. Nkhani ya lero ifotokoza umo njala ya ndalamayo inalowera m'dziko la Mpezeni, dziko limene mafumu a ku Ulaya analiika pamphambano pa malire atatu.

Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 motsogoleredwa ndi Zwangendaba. Mfumuyo itamwalira mtundu unagawikana, ndipo gulu la mwana wace Mpezeni, litayendayenda zaka zambiri, linakhazikika ca m'ma 1870 m'mapiri a kumene kuli Chipata lero. Midzi yao inali yaikuru ndi yoyandikana, ndipo cuma cao cinali ng'ombe ndi anthu ogwidwa kunkhondo. Acewa ndi Ansenga ozungulira anadziwa bwino kuwawa kwa nthungo za Angoni, ndipo ici sicibisika. Koma akazi ogwidwawo ndiwo analera ana a Angoni, kotero kuti Cingoni cinayamba kuzilala pakamwa pa anthu Azungu asanafike n'komwe.

Amene anatsegula khomo la tsoka ndiye Carl Wiese, Mjeremani wocita malonda a minyanga, amene anapalana ubwenzi ndi Mpezeni nalandira kwa iye mapepala a cilolezo. Ku Ulaya kunamveka mbiri yakuti m'dzikomo muli golidi wambiri. M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire ao, ndipo dziko la Mpezeni linagwera mbali ya Angelezi, mwini wace osafunsidwa. Mapepala a Wiese anapita m'manja mwa amalonda a ku London, ndipo mu 1895 kampani ya North Charterland inapatsidwa malo okwana masikweya mailosi 10,000. M'kati mwa malowo munali midzi, minda, manda ndi makola a anthu osawerengeka.

Mpezeni anali wokalamba, ndipo sanafune nkhondo. Mwana wace Nsingo ndi anyamata a m'magulu a nkhondo anaona mosiyana, pakuti Azungu ofuna golidi anali kucuruka m'dzikomo. Mu Januwale 1898 asikari anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Cishango ca cikopa sicikanatha kuimitsa cipolopolo, ndipo nkhondo inatha m'masiku owerengeka. Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale, Mpezeni anasungidwa ku Fort Manning, kumene tsopano ndi Mchinji, ndipo atabwezedwa kwao anamwalira mu 1900. Golidi amene anakhetsera mwaziyo anapezeka wocepa kwambiri.

Apa ndipo pofunika kuima pang'ono. Ogonjetsawo analanda ng'ombe pafupifupi 12,000. Munthu wosadziwa moyo wa Angoni angayese kuti anataya nyama ndi mkaka cabe. Koma ng'ombe ndizo zinali kumanga ukwati, pakuti malobolo ndiwo anapatsa bambo mphamvu pa ana ace. Ng'ombe ndizo zinali kulipira mirandu, ndizo zinali kuphedwa pa maliro a munthu wamkuru ndi popembedza mizimu, ndipo induna inadziwika ukuru wace poona khola lace. Makola atatsala apululu, mnyamata analibe colowolera, mkuru analibe cogwirira anyamata ace, ndipo midzi yaikuru ija inapasuka nisanduka timidzi tating'ono tobalalika. Ambiri anayamba kukwatira monga acitira Acewa ndi Ansenga, ndipo mirandu yolimbirana ana pakati pa bambo ndi malume inacuruka m'mabwalo.

Mu 1899 Fort Jameson inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo pofika 1901 anthu anali kukhoma msonkho wa nyumba wa masheleni atatu. Masheleni atatu amveka ocepa lero, koma m'mudzi munalibe cinthu cobala ndalama. Njanji inali kutali, ndipo cimanga sicikanalipira mtengo wocinyamulira pamutu. Mwamuna anatsala ndi manja ace okha ogulitsa. Ena analowa mtengatenga, kusenza katundu wa Boma ndi wa makampani kupita ku Tete ndi ku Nyasaland. Ambiri anayenda pansi milungu ingapo, naoloka Zambezi, nafika ku migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia, kumene onse anangokucha Halale. Anyamata amene makolo ao anapita kunkhondo kukatenga ng'ombe tsopano anapita kunchito kukatenga mabulangeti, nsaru, ndipo pambuyo pace njinga ndi makina osokera. Wobwera ndi bokosi lodzaza analandiridwa ndi nthungululu. Wosabwera anachedwa mchona, ndipo mkazi wace analima yekha, nalera ana yekha, osadziwa ngati ali wokwatiwa kapena wamasiye.

Ulemu wa likulu sunakhalitse. Mu 1911 maiko awiri a Rhodesia wa kumpoto anaphatikizidwa, likulu linakhala ku Livingstone, ndipo Fort Jameson inatsala kumapeto kwa dziko. Makalata ndi katundu wace zinadzera ku Nyasaland kufikira mseu wa Great East utatseguka ndi mlatho wa pa Luangwa utamangidwa m'zaka za m'ma 1930. M'tauniyo masitolo ambiri anali a Amwenye, ndipo sukulu zinali m'manja mwa amishoni: a Dutch anayamba pa Magwero mu 1899, ndipo ena anatsata.

Nkhani yowawitsa koposa ndi ya nthaka. Golidi atasowa, kampani inatembenukira kwa Azungu olima fodya, niwagulitsa mafamu pa nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson. Boma la ku London litatenga dziko m'manja mwa British South Africa Company mu 1924, linatuma akuru kukadula malo osungira anthu akuda, ndipo mu 1928 malo amenewa anakhazikitsidwa mwa lamulo. Mabanja ambirimbiri a Angoni, Acewa ndi Ansenga anasamutsidwa kucoka pa malo a kampani. Caka comweco mtengo wa fodya unagwa, ndipo alimi ambiri Acizungu anasiya mafamu ao nacoka. Cotero kunaoneka cinthu codabwitsa. Mbali yina anthu anapanikizana, nalima munda umodzi caka ndi caka wosaugoneka, mitengo inatha, mvula inakokolola nthaka, ndipo njala inakhala mlendo wa caka ciri conse. Mbali yina, kungodumpha mzere wa pa mapu, nthaka yacondeyo inagona yopanda khasu, thengo linamera, nyama zinabwerera, ndipo pambuyo pa nyama panadza kashembe wopha ng'ombe. Kampani inali kudikira Azungu ogula malo amene sanabwere. Mu 1941 Boma linagula gawo lalikuru la malowo kwa kampani, niliyamba kubwezeramo anthu, koma mbadwo wathunthu unali utakulira m'umphawi umene unapangidwa ndi colembera.

Acewa anali ndi bvuto lao lao. Malire anadula ufumu wa Undi patatu, kotero kuti munthu anali ndi amace ku Northern Rhodesia, malume ace ku Nyasaland, ndi manda a makolo ace m'dziko la Apwitikizi. Komabe malire omwewo anthu anaphunzira kuwadyera. Cibalo ndi mbama za asipai zikakula kwa Apwitikizi, mudzi wathunthu unali kuoloka usiku kudza kwa abale a kuno. Msonkho ukabvuta mbali yino, ena anazemba kupita mbali inayo kufikira okhometsa atapita. Undi mwini wace anasamuka kucoka kwa Apwitikizi m'zaka za m'ma 1930, ndipo Boma linamzindikira kukhala mfumu yaikuru ya Acewa a mbali yino. Likulu la Kalonga Gawa Undi liri ku Mkaika, ku Katete, ndipo pa mwambo wa Kulamba mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amafika kudzagwada monga ngati malire kulibe.

Migodi ya mkuwa itatseguka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, njira ya anchito inayamba kupendekera kumadzulo, ndipo Cinyanja cinamveka m'makomboni, m'gulu la apolisi ndi la asikari, ndi m'Lusaka monse. Ncwala, mwambo wolawa zakudya zatsopano, inaleka itatha nkhondo ija, ndipo inakhala cete zaka zoposa 80 kufikira 1980, pamene inayambanso. Imacitika pa Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale, mwezi womwewo umene Nsingo anaomberedwa, ndipo ng'ombe yamphongo yakuda imalasidwa ndi nthungo pamaso pa Inkosi ya Makosi.